AMITHENGA A M'THUPI MWATHU: Mmene ubongo umatumizira mauthenga, ndi chimene chimachitika munthu akagwa khunyu



Tsiku lina madzulo, titangomaliza swala ya Asr, ndinali kumvetsera ana a m'kalasi langa akulakatula masura amene ndinawapatsa kuti aloweze. Mwadzidzidzi mtsikana wina wa zaka 9, amene anakhala pa mkeka wakutsogolo, anakuwa kamodzi nagwa chagada. Thupi lake linauma gwaa, kenaka manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka mwamphamvu, thovu likutuluka kukamwa. Anzake onse anathawira panja. Bambo wina amene anali kudutsa anathamangira kukafuna supuni yoti amuike mkamwa, ndipo mayi wina anakuwa ali chapatali kuti tisamukhudze mwanayo chifukwa malovu ake atipatsira matendawo. Ine mphunzitsi wawo, amene ndinatha zaka zingapo ndikuphunzira Fiqh ndi Tafsir, ndinangoti kakasi, osadziwa chochita kupatula kutchula dzina la Allah. Patapita mphindi ngati ziwiri kugwedezeka kunaleka, mwana uja anagona tulo, ndipo podzuka sanakumbuke chilichonse.

Mwanayo sanabwerenso ku madrasa kwa miyezi inayi. Makolo ake anachita manyazi, ndipo m'mudzi munamveka zonena zambiri, ena akuti wagwidwa ndi majini, ena akuti pali munthu amene wamuchita chipongwe. Umbuli wanga wa tsiku limenelo unandipweteka mumtima, kotero ndinayamba kufunsa anthu ogwira ntchito zachipatala ndi kuwerenga za mmene Allah (S.W.T) anaumbira ubongo wa munthu. Zimene ndinaphunzirazo ndi zimene ndikufuna tigawane m'nkhani ino, chifukwa ndaona kuti munthu akamvetsa mmene mauthenga amayendera m'thupi, amasiya kumuthawa wodwala khunyu nayamba kumuthandiza.

LIKULU NDI NTHAMBI ZAKE

Poyamba tigwirizane pa mawu. M'Chichewa timati "mitsempha" ponena timapaipi toyendamo magazi, komanso timatero ponena tizingwe toyendamo mauthenga. Kuti tisasokonezeke, m'nkhani ino tizingwe ta mauthengati ndizititchula kuti minyewa.

Likulu la minyewa yonse lili ndi zigawo ziwiri: ubongo ndi chingwe cha msana. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kutanthauza kuti ndi magawo awiri okha mwa magawo 100 a kulemera kwa thupi lonse, komabe umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 mwa magawo 100 a mphamvu zimene thupi limapeza kuchokera ku chakudya ndi mpweya. Ndi wofewa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake Mlengi anauteteza ndi chigaza, naukuta ndi nembanemba zitatu, nauika m'madzi apadera amene amauteteza kuti usagundane ndi fupa pamene tikuthamanga kapena kudumpha.

Gawo lalikulu la ubongo, lamakwinyamakwinya lija, ndi limene limagwira ntchito yoganiza, kukumbukira, kulankhula, kuona, kumva ndi kulamula ziwalo. Kumunsi chakunkhongo kuli gawo lina laling'ono limene limalinganiza mayendedwe, kuti tithe kupalasa njinga kapena kuwerama pa ruku osagwa. Pansi penipeni pali tsinde la ubongo, limene limayang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima usana ndi usiku, ife tili maso kapena tili m'tulo.

Chodabwitsa n'chakuti mbali yakumanzere ya ubongo imalamula mbali yakumanja ya thupi, ndipo yakumanja imalamula yakumanzere. Mwa anthu ambiri, malo oyendetsa kulankhula ali kumanzere. Dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1861 atapima ubongo wa munthu amene anali atalephera kulankhula kwa zaka zambiri. Ichi n'chifukwa chake agogo amene achita sitiroko ndi kufa dzanja ndi mwendo wakumanja kawirikawiri amavutikanso kutulutsa mawu.

Kuchokera ku tsinde la ubongo kumatsika chingwe cha msana, chotalika pafupifupi masentimita 45, chimene chimadutsa m'kati mwa mafupa a msana. M'chingwe chimenechi mumatuluka minyewa iwiriiwiri m'malo 31, wina kulowera kumanja wina kumanzere, ndipo mu ubongo momwemo mumatuluka minyewa ina iwiriiwiri yokwana magulu 12, yopita kumaso, kumakutu, kumphuno, kulilime ndi kwina. Minyewa imeneyi imagawikana ngati mizu ya mtengo kufikira itafika pa nsonga ya chala chilichonse. Ina imanyamula mauthenga opita ku likulu, monga akuti "pano patentha" kapena "ndaponda minga", pamene ina imanyamula malamulo ochokera ku likulu kupita ku minofu.

Si nkhani zonse zimene zimadikira chigamulo cha ubongo. Mayi akakhudza mwangozi chiwaya chotentha, dzanja limachoka lokha asanamve n'komwe ululu. Apa uthenga umafika pa chingwe cha msana, ndipo chingwecho chimalamula minofu nthawi yomweyo, ubongo n'kudziwitsidwa pambuyo pake. Zili ngati nyakwawa imene yaona nyumba ikupsa: siyamba yapita kukapempha chilolezo kwa mfumu yaikulu, imayamba yauza anthu kuti atunge madzi, kenaka n'kutumiza uthenga.

SELO LOTCHEDWA NYURONI

Thupi lonse linamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, monga momwe mzikiti umamangidwira ndi njerwa. Maselo amene amanyamula mauthenga amatchedwa manyuroni. M'chaka cha 2009, katswiri wina wamkazi wa ku Brazil, Suzana Herculano-Houzel, pamodzi ndi anzake, anawerengetsera kuti ubongo wa munthu uli ndi manyuroni pafupifupi 86 biliyoni. Mukanati muziwerenga nyuroni imodzi pa sekondi iliyonse, osagona ndi osadya, mukanatha zaka zoposa 2,700. Subhanallah!

Nyuroni imafanana ndi mtengo. Ili ndi thunthu pamene pali moyo wa selolo. Ili ndi tinthambi tambirimbiri totchedwa dendrites, timene ntchito yake ndi kulandira mauthenga ochokera kwa anzake. Ilinso ndi chingwe chimodzi chachitali chotchedwa axon, chimene chimatumiza uthenga kutsogolo. Zingwe zina ndi zazifupi kosakwana milimita imodzi, koma zina zimachokera m'munsi mwa msana kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi, mtunda wa pafupifupi mita yathunthu. Chimene timachitcha mnyewa ndi mtolo wa zingwe zotere masauzande ambiri zomangidwa pamodzi.

Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankaganiza kuti minyewa yonse ndi yolumikizana ngati ukonde wa asodzi. M'chaka cha 1873, Camillo Golgi wa ku Italy anatulukira njira yodetsera maselowa ndi mankhwala a siliva kuti azioneka bwino pa makina okuza zinthu. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain anagwiritsa ntchito njira yomweyo, ndipo atajambula pamanja zithunzi zambirimbiri anatsimikiza kuti nyuroni iliyonse ndi selo loima palokha. Anthu awiriwa analandira limodzi mphotho ya Nobel m'chaka cha 1906 asakugwirizana pa nkhaniyi, koma pambuyo pake zinadziwika kuti Cajal ndiye ankanena zoona.

MAGETSI A M'THUPI

Kodi uthenga umayenda bwanji m'chingwe chimenechi? Yankho ndi lakuti umayenda ngati magetsi. Luigi Galvani wa ku Bologna anafalitsa m'chaka cha 1791 zimene anapeza, zakuti mwendo wa chule wakufa umatukula mnyewa wake ukakhudzidwa ndi magetsi. Koma kafotokozedwe kenikeni kanabwera m'chaka cha 1952, pamene Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku England analongosola zonse atayeza chingwe chachikulu cha nyama ina ya m'nyanja yamchere yotchedwa squid.

M'madzi a m'thupi muli mitundu ya mchere yosungunuka. Iwiri yofunika pa nkhani yathu ndi sodium, amene amapezeka mu mchere wathu wothira m'ndiwo, ndi potassium, amene amapezeka m'zakudya monga nthochi ndi nyemba. Nyuroni ikakhala kuti ikupumula, imasunga sodium wambiri kunja kwa khungu lake ndi potassium wambiri mkati. Kusiyana kumeneku kumapangitsa selolo kukhala ngati kabatire kodzaza, ka mphamvu yochepa pafupifupi maulendo 20 poyerekeza ndi batire la tochi.

Pa khungu la nyuroni pali timakomo totseka. Uthenga wamphamvu mokwanira ukafika, timakomo ta sodium timatseguka ndipo sodium amathamangira mkati. Zimenezi zimatsegulitsa timakomo toyandikana nato, nato n'kutsegulitsa totsatira, mpaka uthenga utafika kumapeto kwa chingwe. Amene anaonapo moto wolusa ukuyenda m'tchire louma m'mwezi wa Okutobala amvetsa msanga, pakuti udzu uliwonse umayatsa unzake. Kusiyana kwake n'kwakuti udzu ukapsa wapsa, pamene nyuroni imatulutsa potassium, kubwerera mwakale, ndi kukonzekanso kutumiza uthenga wina m'kanthawi kochepa kwambiri kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso.

Zingwe zambiri zinakutidwa ndi chikopa chamafuta chotchedwa myelin, monga momwe waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Chikopachi chili ndi mipata apa ndi apo, ndipo uthenga umadumpha kuchoka pa mpata wina kufika pa wina. M'zingwe zokutidwa bwino uthenga umatha kuthamanga mamita 120 pa sekondi, ndiko kuti kudutsa bwalo lonse la mpira sekondi isanathe. M'zingwe zopyapyala zopanda chikopa umayenda pafupifupi mita imodzi yokha pa sekondi. Mukapunthwa chala pa mwala, mumayamba mwamva kulasa kwakuthwa, ndipo patapita kanthawi m'pamene kuwawa konyeka kuja kumafika. Amenewo ndi amithenga awiri, wothamanga ndi woyenda pang'onopang'ono, amene ananyamuka nthawi imodzi.

POWOLOKERA

Tanena kuti nyuroni iliyonse imaima payokha. Pakati pa mapeto a chingwe cha nyuroni imodzi ndi kanthambi ka inzake pali kampata kakang'ono zedi, kochepa maulendo oposa 1,000 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Malo okumanirana amenewa anapatsidwa dzina lakuti synapse ndi Charles Sherrington m'chaka cha 1897. Pa malo ambiri otere magetsi sadumpha kampatako. Uthenga umafika ngati munthu wapaulendo amene wafika pa gombe la mtsinje wopanda mlatho, ndipo ayenera kukwera bwato.

Bwato lake ndi mankhwala. Kumapeto kwa chingwe kuli timatumba todzaza ndi mankhwala opangidwa ndi thupi lenilenilo. Magetsi akafika, timatumbato timatseguka n'kukhuthulira mankhwalawo m'kampata kaja. Iwo amawoloka ndi kukalowa m'malo owalandira pa nyuroni yatsidya, monga kiyi amalowera m'loko wake. Pamenepo timakomo ta nyuroni yachiwiri timatseguka ndipo uthenga umapitirira. Ntchito ikatha, mankhwala aja amaphwanyidwa kapena kubwezedwa kumene anachokera, kuti njira ikhale yoyera podikira uthenga wotsatira.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi Otto Loewi wa mumzinda wa Graz ku Austria, m'chaka cha 1921. Iye anaika mitima iwiri ya achule m'madzi amchere. Atatokosa mnyewa wa mtima woyamba, mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenaka anatunga madzi a mtima woyambawo nathira pa wachiwiri, umene sunatokosedwe, ndipo nawonso unachepetsa kugunda. Apa zinaonekeratu kuti mnyewa unatulutsa mankhwala ena m'madzimo. Mankhwalawo ndi amene akutchedwa acetylcholine, ndipo ndi omwewo amene amanyamula lamulo kuchoka ku mnyewa kupita ku mnofu nthawi iliyonse tikakweza dzanja pochita takbir.

Ife amene tinaphunzira maphunziro a Hadith timadziwa kufunika kwa isnad, mndandanda wa anthu olandizana nkhani kuchokera kwa wina kupita kwa wina. Munthu mmodzi mumndandandamo akakhala wofooka, nkhani yonse imakayikitsa. M'thupi zilinso chimodzimodzi: kuti diso lione chilembo ndipo lilime lichitchule, uthenga umadutsa mwa olandizana ambiri, ndipo aliyense ayenera kupereka mokhulupirika chimene walandira. Komanso njira imene mauthenga amadutsamo kawirikawiri imalimba, monga kanjira kopita kuchitsime kamene kamayera chifukwa chopondedwa tsiku ndi tsiku. Ichi n'chifukwa chake mwana amene amabwereza sura yake pang'onopang'ono masiku onse, nagona tulo tokwanira, amaisunga bwino kuposa amene amaiunjika usiku umodzi.

"PITA" NDI "IMA"

Tsopano tafika pa mfundo imene ndikupempha owerenga aigwiritse. Mauthenga owoloka pa synapse ali a mitundu iwiri. Ena amauza nyuroni yatsidya kuti "pita, tumiza uthenga", ndipo mankhwala aakulu a ntchito imeneyi mu ubongo ndi glutamate. Ena amaiuza kuti "ima, khala chete", ndipo aakulu mwa amenewa ndi GABA. Nyuroni imodzi imatha kulandira mauthenga kuchokera kwa anzake masauzande pa nthawi imodzi, ndipo imatumiza wake pokhapokha mawu akuti "pita" akaposa mokwanira mawu akuti "ima". Umoyo wa ubongo wagona pa muyezo umenewu, monga galimoto imene imafunika mafuta ndi mabuleki omwe.

Matenda ena amene timawadziwa bwino amasonyeza chimene chimachitika muyezowu ukasokonezeka. Poizoni wa kachilombo ka kafumbata amatseka mauthenga akuti "ima" m'chingwe cha msana, ndipo minofu imakokana osalekeza mpaka nsagwada kuuma. Ululu wa njoka zina, monga mamba, umasokoneza kuwoloka kwa uthenga pakati pa mnyewa ndi mnofu, kotero wolumidwayo amalephera kupuma. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda amaletsa thupi kuphwanya acetylcholine, ndipo munthu amene wawamwa kapena kuwapuma kwambiri amatuluka dovu ndi thukuta, minofu ikunjenjemera. Mowa nawo umawonjezera mphamvu ya mabuleki a ubongo, n'chifukwa chake woledzera amadzandira ndi kulankhula mokoka lilime. Apa tikuonanso nzeru ya Shariah poletsa zoledzeretsa pofuna kuteteza nzeru za munthu.

TSONO KHUNYU N'CHIYANI?

Taganizirani msika wa tsiku Loweruka. Anthu ndi ambiri, aliyense akulankhula zake, wina akutsatsa usipa, wina akunenerera mtengo wa chitenje, koma malonda akuyenda bwino. Umo ndi mmene ubongo wabwino umagwirira ntchito. Tsono wina akangokuwa kuti "wakuba!", anthu onse amasiya zimene amachita, nayamba kukuwa mawu amodzi ndi kuthamangira mbali imodzi. Kwa mphindi zingapo msika wonse umaima, kenaka phokoso limatha ndipo anthu amabwerera m'malo mwawo ali wefuwefu.

Munthu akamagwa khunyu, chimene chachitika mu ubongo wake n'chofanana ndi chimenechi. Gulu la manyuroni limayamba kutumiza mauthenga onse pamodzi mopyola muyezo, mabuleki aja n'kulephera kuwaletsa. Chipwirikiticho chikafalikira ubongo wonse, munthu amakomoka, kuuma ndi kugwedezeka. Chikakhala pa mbali imodzi yokha, mwina dzanja limodzi ndilo limagwedezeka, kapena munthu amangotafuna ndi kuseweretsa zovala osadziwa. Ana ena amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, kenaka n'kupitiriza zimene amachita, ndipo aphunzitsi osadziwa timawakalipira kuti sakumvetsera. Madokotala amatha kuona chipwirikiti chimenechi pogwiritsa ntchito makina otchedwa EEG, amene amalemba magetsi a ubongo. Woyamba kulemba magetsi a ubongo wa munthu anali Hans Berger wa ku Germany m'chaka cha 1924.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mwa odwala pafupifupi theka, madokotala sapeza chimene chinayambitsa. Mwa enawo, kawirikawiri pamakhala chipsera mu ubongo chimene chinabwera chifukwa cha kubadwa movutikira, kuvulala m'mutu pa ngozi, sitiroko, matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo.

Pa nkhani ya malungo a mu ubongo, dziko lonse laphunzira zambiri kuchokera kuno kwathu. Muyezo umene madokotala amagwiritsa ntchito poona kukomoka kwa mwana wodwala malungo umatchedwa Blantyre Coma Scale, chifukwa unakonzedwa ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo unafalitsidwa m'chaka cha 1989. Pa chipatala chomwecho, kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2015 anaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo otere amafa chifukwa ubongo umatupa n'kupanikiza tsinde lija loyang'anira kupuma. Ena mwa ana opulumuka amadzayamba khunyu pambuyo pake. Choncho kugoneka mwana m'masikito ndi kuthamangira naye kuchipatala akangotentha thupi ndi njira yotetezera ubongo wake.

Choyambitsa china ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, amene amatha kukakhazikika mu ubongo. Tisadzinamize kuti popeza ife Asilamu sitidya nkhumba ndiye kuti izi sizitikhudza. Mazirawo amafala kudzera m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokazo, choncho aliyense angawameze m'madzi akuda, m'masamba osatsuka kapena m'chakudya chogwiridwa ndi manja osasamba. Ukhondo umene chipembedzo chathu chimatilamula ndi chitetezo chenicheni pamenepa.

ZIMENE CHISILAMU CHIKUTIPHUNZITSA

Ife Asilamu timakhulupirira kuti majini alipo, pakuti Qur'an yolemekezeka yawatchula. Koma chikhulupiriro chimenechi sichitipatsa chilolezo chogamula za mwana wa mnzathu popanda umboni, kapena kumumana mankhwala. Akatswiri athu akale sankatero. Ibn Sina, amene anabadwa m'chaka cha 980 pafupi ndi Bukhara, analemba za khunyu m'buku lake lotchuka la Al-Qanun fi al-Tibb, ndipo anaiika m'gulu la matenda a ubongo, nafotokoza zizindikiro zake ndi kachizidwe kake monga mwa nzeru za nthawi imeneyo.

M'mabuku a Hadith a Imam Bukhari ndi Imam Muslim muli nkhani imene Ibn Abbas (R.A) anafotokozera wophunzira wake Ata ibn Abi Rabah, ya mayi wina wachikuda amene ankadwala matenda akugwa. Mayiyo anapita kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W) kukapempha dua, nadandaula kuti akagwa thupi lake limakhala poyera. Mtumiki anamupatsa mwayi wosankha pakati pa kumupempherera kuti achire ndi kupirira kuti akalandire Jannah. Iye anasankha kupirira, koma anapempha dua yoti asamavuke akagwa, ndipo Mtumiki anamupempherera. Taonani, abale anga: Mtumiki sanamuthamangitse mayiyu kapena kumunyoza, ndipo maswahaba ankamuloza monga munthu wa ku Jannah. Nanga ife tatenga kuti mwambo wobisa ana otere m'nyumba?

Nkhaniyi siletsa kufuna mankhwala, pakuti Mtumiki yemweyo analamula maswahaba ake kufunafuna chithandizo akadwala. Dua ndi ruqya yovomerezeka zichitike, ndipo kuchipatala tipitenso. WHO ikuti odwala okwana 70 mwa 100 alionse angathe kusiyiratu kugwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Mankhwala monga phenobarbitone, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu m'chaka cha 1912, amalimbitsa mauthenga aja akuti "ima". Ena monga carbamazepine amaletsa timakomo ta sodium kutseguka mobwerezabwereza. Onsewa amagwira ntchito akamwedwa tsiku lililonse, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa kwambiri. Wodwala amene akufuna kusala m'mwezi wa Ramadhan ayambe wakambirana ndi dokotala, pokumbukira kuti Allah anapereka chilolezo kwa odwala. Mlongo amene akumwa mankhwalawa ndipo akuyembekezera kutenga pakati auzenso dokotala msanga, chifukwa ena mwa mankhwalawa sagwirizana ndi mwana wosabadwa.

MUNTHU AKAGWA TICHITE CHIYANI?

1. Musathawe. Khunyu sipatsirana kudzera m'malovu, m'mkodzo, mu mpweya kapena pokhudzana.

2. Mchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena msewu. Ambiri amene ali ndi zipsera zamoto anapsa anthu akuonerera chifukwa cha mantha opanda pake.

3. Ikani nsalu yopinda pansi pa mutu wake, ndipo masulani zothina pakhosi.

4. Musaike supuni, chala kapena kamtengo mkamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma supuni ingamuthyole mano. Musamupanikize pofuna kuletsa kugwedezeka.

5. Kugwedezeka kukaleka, mgonekeni chammbali kuti malovu atuluke. Musamupatse madzi kapena chakudya kufikira atatsitsimuka bwinobwino.

6. Mfunditseni chitenje ngati zovala zasuntha kapena wadzinyowetsa, ndipo balalitsani oonerera. Akatsitsimuka mulankhuleni mofatsa, ndipo ikafika nthawi ya swala mukumbutseni kuchitanso wudhu, popeza kukomoka kumaononga wudhu.

7. Thamangirani naye kuchipatala ngati kugwedezeka kwapyola mphindi 5, ngati wagwanso asanatsitsimuke, ngati ndi koyamba, ngati wavulala, ngati ali ndi pakati, kapena ngati ndi mwana wotentha thupi.

Wodwala khunyu asasambe yekha kunyanja kapena kumtsinje, asakwere m'mitengo, ndipo pophika pamoto pakhale wina pafupi. Kupatula zimenezi, ayenera kupita kusukulu ndi ku madrasa, kuswali pa jamaa, kugwira ntchito ndi kumanga banja monga wina aliyense.

Mtsikana uja ndinakamuyendera kwawo pamodzi ndi mmodzi wa akuluakulu a pamzikiti. Mayi ake anatiuza kuti ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka masiku awiri. Tinawapempha kuti apite naye kuchipatala cha boma, ndipo atazengereza kwa masabata angapo anavomera. Mwanayo anayamba kumwa mankhwala. M'miyezi yoyamba anagwako kawiri, ndipo adokotala anasintha muyezo wa mankhwalawo. Asanabwerere m'kalasi ndinakhala pansi ndi anzake ndi kuwaphunzitsa mfundo zili pamwambazi, mpaka aliyense anayeserera kugoneka mnzake chammbali. Lero amakhala pa mkeka wake wakutsogolo womwe uja, wamaliza Juzu Amma, ndipo chaka chatha osagwa, Alhamdulillah.

Ndikupempha maimamu, aphunzitsi anzanga ndi magulu a amayi kuti nkhani imeneyi ikambidwe m'mizikiti ndi m'madrasa athu. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene akubisidwa chifukwa cha matenda akugwa, pitani mukacheze ndi makolo ake sabata ino, ndipo ngati n'kotheka muwaperekeze kuchipatala.

Tikupempha Allah (S.W.T) kuti achize odwala athu, apereke kupirira kwa owasamalira, ndipo atiwonjezere kuzindikira kopindulitsa. Ameen.